Laputopu m'chikwama, seva kutali: zoti mukonze musananyamuke

Funso ili ndalimva kokwanira. Wina akupita kumaliro ku Karonga, wina wagula tikiti ya basi ya ku Joni, wina abwana amutuma kumsonkhano ku Lusaka, ndipo onsewo amandiimbira madzulo oti kukacha anyamuka: "Achimwene, seva ija ikavuta ine ndili m'njira, nditani? Ndibwereke laputopu yamphamvu?" Ndimayankha zomwezomwezo, kawirikawiri nthawi yokonzera zinthu itatha kale. Lero ndazilemba kuti muziwerenge kudakali sabata yathunthu.

Chotsani kaye maganizo pa mphamvu ya laputopu. Ntchito yolemera ikuchitikira pa seva, kompyuta ija imene imatumikira makompyuta ena kudzera pa netiweki, kaya ili ku Johannesburg, ku Frankfurt, kapena m'kachipinda ka ku ofesi kwanu ku Lilongwe. Laputopu ikungokhala kiyibodi ndi sikirini: mumalemba lamulo, lamulolo limapita kutali, yankho n'kubwera. Chimenechi ndiye amati terminal, ndipo makina a zaka khumi zapitazo amakwanitsa bwinobwino. Chopweteketsa anthu paulendo ndi njira ya pakatipo. Netiweki idzaduka, ndipo idzaduka inu muli pakati pa ntchito. Zonse zimene ndalemba pano zikuchokera pa mfundo imodzi imeneyi.

1. Konzani laputopu ngati kuti ikabedwa

Pa depoti, m'basi, pachipata cha dziko, chikwama chimachoka m'manja mwanu kangapo. Choncho diski yonse ikhale yokhoma ndi encryption, kutanthauza kuti zonse zili mmenemo n'zosokonezedwa moti wopanda pasiwedi sangaziwerenge ngakhale atachotsa diskiyo n'kuyiika m'kompyuta ina. Pa Windows ndi BitLocker, pa Mac ndi FileVault, pa Linux ndi LUKS, imene imasankhidwa nthawi yoika Linux yomweyo. BitLocker imakupatsani nambala ya manambala 48 yotsegulira zinthu zikavuta. Ilembeni papepala, pepalalo lisiyeni kunyumba. Mukamakwera basi izimitseni laputopu kwenikweni, osangotseka chivundikiro, chifukwa yogona imakhala idakali yotsegula m'kati.

Pulogalamu ya ssh, yolowera pa seva muli kutali, simufunika kuifunafuna. Pa Mac ndi pa Linux ilipo kale, ndipo Windows 10 inayamba kubwera nayo mu 2018. Tsegulani PowerShell, lembani `ssh`, muiona.

Za magetsi: pulagi yathu ya mano atatu amakona imalowa ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Britain, koma ku South Africa masoketi ambiri ndi a mano atatu ozungulira, ndipo ku Mozambique mudzapeza ambiri a mano awiri. Gulani adaputa musanafike. Ngati laputopu yanu imatchajidwa ndi USB-C, power bank ya 20,000 mAh imasunga pafupifupi 74 Wh, zomwe zili pansi pa malire a 100 Wh amene ndege zimalola. Imayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege.

2. Pangani kiyi wa laputopu imeneyi yokha

SSH anailemba Tatu Ylönen ku Finland mu 1995, pambuyo poti anthu ena anatchera mapasiwedi pa netiweki ya yunivesite yake, Helsinki University of Technology. Vuto lake ndi lomwe muli nalo pa WiFi ya ku lojingi: simudziwa amene akumvetsera. SSH imabisa zonse zodutsa pakati pa inu ndi seva, koma kulowa ndi pasiwedi kumakhalabe kofooka, chifukwa makina a anthu oipa amayesa mapasiwedi pa seva iliyonse usana ndi usiku. Lowani ndi kiyi.

```
ssh-keygen -t ed25519 -f ~/.ssh/ulendo -C "laputopu-yaulendo"
```

Lamuloli limatulutsa mafayilo awiri. Imene dzina lake likuthera ndi `.pub` muiganizire ngati loko: mukhoza kumupachika pa zitseko zambiri, aliyense akhoza kumuona, palibe vuto. Inayo, yopanda `.pub`, ndiye kiyi weniweni, ndipo sachoka pa laputopu. Lamulo lija likakufunsani passphrase, mawu achinsinsi otetezera kiyiyo, musadumphe ndi Enter. Ikani chiganizo chachitali chimene simungaiwale. Kenako pachikani lokoyo pa seva ndi `ssh-copy-id -i ~/.ssh/ulendo.pub dzina@seva`. Pa Windows lamulo limeneli palibe, ndiye tsegulani fayilo ya `.pub`, kopani mzere umodzi uli mmenemo, muuwonjezere mu `~/.ssh/authorized_keys` pa seva.

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri ndi ichi: munthu amatenga kiyi wa pa kompyuta ya ku ofesi, n'kudzitumizira pa WhatsApp kapena pa imelo kuti akamugwiritse ntchito paulendo. Musatero. Kiyi amene wadutsa m'mafoni ndi m'maimelo simungadziwenso kuti ali m'manja angati. Komanso makina aliwonse akakhala ndi kiyi wakewake, tsiku limene laputopu yasowa mumangofufuta mzere umodzi pa seva, ena onse n'kupitiriza kugwira ntchito. N'chifukwa chake ndaika dzina loti "laputopu-yaulendo" kumapeto kwa lamulo lija, kuti mzerewo mudzauzindikire mwachangu muli ndi mantha.

3. Lembani zonse mu fayilo ya config, ndipo lowani kamodzi muli kunyumba

Pa mpando wa basi, laputopu ili pamiyendo, si malo okumbukirira ma IP, manambala amene ali adiresi ya makina pa netiweki. Tsegulani `~/.ssh/config` mulembe:

```
Host ofesi
    HostName seva.example.com
    User dzinalanu
    IdentityFile ~/.ssh/ulendo
    IdentitiesOnly yes
    ServerAliveInterval 30
    ServerAliveCountMax 3
```

Tsopano `ssh ofesi` ndi zokwanira. Mizere iwiri yomalizayo imauza ssh kuti izigogoda pa seva masekondi 30 aliwonse, ndipo ikagogoda katatu popanda yankho idzitseke yokha, m'malo mongouma pa sikirini inu mukuganiza kuti seva ndiyo yafa. Mzere wa `IdentitiesOnly` umaletsa ssh kuyesa makiyi onse amene muli nawo mmodzimmodzi. Seva imalola kuyesa kasanu ndi kamodzi basi, kenako imakuthamangitsani ndi uthenga woti "Too many authentication failures" kiyi wolondola asanafikidwe.

Ngati seva ina imafikirika kudzera pa seva inzake, onjezerani `ProxyJump ofesi` pansi pa dzina lake. Njira imeneyi ilipo kuyambira OpenSSH 7.3, mu 2016. Malangizo akale amati muike `ForwardAgent yes`. Ine sindimakonda, chifukwa aliyense amene ali ndi mphamvu za root, zolamulira chilichonse, pa seva yapakatiyo akhoza kugwiritsa ntchito kiyi wanu nthawi yonse imene muli mkati.

Kenako lowani pa seva iliyonse kamodzi mudakali pa netiweki imene mumaikhulupirira. Ulendo woyamba ssh imakuonetsani chidindo cha seva n'kuchisunga mu fayilo ya `known_hosts`. Mukadzalowa muli ku hotela n'kuona chenjezo la zilembo zikuluzikulu loti "REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED", imani pomwepo. Ngati palibe amene waikanso seva mwatsopano, ndiye kuti mwina pali wina pakati amene akudziyesa seva yanu. Ambiri amangofufuta mzere wa mu `known_hosts` n'kupitiriza. Inuyo sinthani netiweki, yesani pa hotspot ya foni, muone ngati chenjezolo likubweranso.

4. Musalembe lamulo lililonse kunja kwa tmux

Mukalowa ndi ssh, mapulogalamu amene mwayambitsa amamangirika ku kulumikizana kumeneko. Kukaduka, seva imawatumizira chizindikiro chotchedwa SIGHUP, ndipo ambiri amafera pomwepo. Ngati munali kuwerenga log, kaundula wa zochitika pa seva, palibe chimene mwataya. Ngati munali pakati pa `apt upgrade` kapena kubwezeretsa database, mwasiya nyumba ili ndi denga theka mvula ikubwera.

Zinandionekera pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Amene amayenda kumeneko amadziwa kuti cha ku Lizulu msewu ndiwo malire, mbali ina ndi Malawi mbali ina ndi Mozambique, ndipo foni nthawi zina imalumphira pa netiweki ya tsidya linalo. Ndinali ndikusamutsa database ya bungwe lina laling'ono, foni inalumpha, ntchito inadukira pakatikati. Ndinafika ku Blantyre usiku n'kuyambanso kuchokera pa backup, anthu a bungwelo atakhala masana onse osagwira ntchito.

Mankhwala ake ndi tmux, pulogalamu imene Nicholas Marriott anaiyamba mu 2007. Imakhala pa seva, osati pa laputopu, ndipo imasunga ntchito yanu ikuyenda kaya inu mulipo kapena mwachoka. Mukangolowa lembani:

```
tmux new -A -s ntchito
```

Ngati gawo lotchedwa "ntchito" lilipo kale, lamuloli limakubwezerani mmenemo. Ngati palibe, limapanga latsopano. Netiweki ikaduka, lowaninso, lembani lamulo lomwelo, mupeza zonse mmene munazisiyira, ngakhale patapita masiku atatu. Mabatani oti mudziwe ndi ochepa: Ctrl-b kenako d kutuluka mwadala ntchito ikupitirira, Ctrl-b kenako c kutsegula windo lina, Ctrl-b kenako [ kubwerera m'mbuyo kuwerenga zimene zadutsa. Amene anazolowera GNU Screen apitirize nayo, ntchito yake ndi yomweyo. Chokhacho chimene tmux singapirire ndi seva kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso.

5. Onjezerani Mosh ngati mukhale nthawi yaitali pa netiweki ya foni

Kulumikizana kwa ssh kumadziwika ndi IP yanu ndi IP ya seva. IP yanu ikasintha, monga mukachoka pa WiFi kupita pa hotspot, kulumikizanako kwafa. Vuto lina ndi kuchedwa. Chilembo chilichonse chimene mwadina chimapita ku seva n'kubwerera musanachione pa sikirini. Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere, ndiye seva ikakhala ku Ulaya chilembocho chimadutsa ku Tanzania kapena ku Mozambique, kulowa m'zingwe za pansi pa nyanja, kenako kubwerera njira yomweyo. Onjezeranipo netiweki ya foni yodzaza madzulo, mupeza kuti mukulemba mawu athunthu sikirini isanasunthe, ndipo m'mene mukulemba osaona ndi m'mene mumalakwitsira.

Mosh, imene Keith Winstein anaitulutsa ku MIT mu 2012, inapangidwira zimenezi. Imalowa kudzera pa ssh ndi kiyi wanu yemweyo, kenako imasamukira pa UDP, njira ina yotumizira uthenga pa netiweki. IP ikasintha imangopitiriza. Mukatseka laputopu ku Zalewa n'kuitsegula ku Mwanza, imapitiriza. Zilembo imazionetsa nthawi yomweyo, zitadulidwa mzere kunsi mpaka seva itavomereza. Netiweki ikasowa imaonetsa kamzere pamwamba kowerenga masekondi kuchokera pamene inamva seva komaliza, ndiye mumadziwa kuti vuto ndi njira.

Iyenera kuikidwa mbali zonse ziwiri, ndipo pa firewall ya seva, mpanda wosankha zolowa ndi zokanidwa, mutsegule ma port a UDP kuyambira 60000 mpaka 61000. Port ndi khomo la nambala pa seva. Ssh imadikira pa 22, mawebusaiti pa 80 ndi 443. Pa Windows, Mosh imayenda m'kati mwa WSL, Linux yoyenda m'kati mwa Windows. Ine ndimalowa chonchi:

```
mosh ofesi -- tmux new -A -s ntchito
```

Ziwirizi zimafunana, chifukwa Mosh payokha sisunga zimene zadutsa pa sikirini. Dziwaninso kuti Mosh sidutsitsa ma port ena monga imachitira ssh, siyenda kudzera pa ProxyJump, ndipo WiFi ina imatseka UDP. Choncho ssh wamba ikhalebe yokonzeka.

6. Khomo lachiwiri

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo apa ndi pamene anthu amalirira. Zonse zapamwambazi zimathandiza ngati mukutha kufika pakhomo la seva. Nanga khomolo likakukanani? Amene anakumbapo mbewa amadziwa kuti una sukhala ndi khomo limodzi, pamakhala kena kothawira kobisika pansi pa udzu. Seva yanu ikhalenso chimodzimodzi. Tiyeni tione mmodzimmodzi mmene anthu amadzitsekera kunja.

Woyamba ndi firewall imene imalola IP ya ku ofesi yokha. Ndi chitetezo chabwino, mpaka tsiku limene muli ku Nkhata Bay. Ena amati adzawonjezera IP ya foni yawo, koma foni ilibe IP yakeyake yokhazikika. Makampani a mafoni amaika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa IP imodzi, njira yotchedwa CGNAT, ndipo IP imeneyo imasintha nthawi iliyonse. Yankho ndi VPN yanuyanu, netiweki yobisika yolumikiza makina anu kudzera pa intaneti. VPN ya WireGuard, ya Jason Donenfeld, inalowa mu Linux yeniyeniyo mu 2020 pa mtundu wa 5.6, ndipo imapirira IP ikasintha. Ngati simukufuna kulimbana ndi kuikonza pamanja, Tailscale inamangidwa pamwamba pake ndipo imatha kudutsa CGNAT mbali zonse ziwiri, zomwe zimathandiza kwambiri ngati seva ya ku ofesi nayonso ili pa rauta ya simukhadi. Mukatero firewall izilola ssh kuchokera mu VPN, inu kaya muli kuti.

Wachiwiri ndi fail2ban, mlonda amene amatsekera kunja IP imene yalephera kulowa kangapo. Musanaisinthe kalikonse, kulephera kasanu m'mphindi khumi kumakupatsani chilango cha mphindi khumi, ndipo ambiri amatalikitsa chilangocho kufika tsiku lathunthu kapena sabata. Zala zikaterereka m'basi, mlonda wanu yemwe amakukanani. Ikani ma IP a mu VPN pa mzere wa `ignoreip`. Zikakuchitikirani m'njira, zimitsani data pa foni n'kuyatsanso, kapena sinthani simukhadi. Kawirikawiri mumalandira IP ina. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene ndimayendera ndi TNM ndi Airtel zonse ziwiri.

Wachitatu ndi WiFi ya m'mahotela, m'mabwalo a ndege ndi m'maofesi a anthu ena, imene imalola mawebusaiti okha n'kutseka port 22. Kumbukirani kaye kutsegula browser, chifukwa WiFi yambiri sidutsitsa kanthu mpaka mutavomereza pa tsamba lawo lolowera. Ngati 22 ndi yotsekadi, mufunika seva imene imamva ssh pa 443. Mu `/etc/ssh/sshd_config` mukhoza kulemba mizere iwiri, `Port 22` ndi `Port 443`. Pa Ubuntu 24.04 mukasintha port muyenera kulemba `systemctl daemon-reload` kenako `systemctl restart ssh.socket`, apo ayi kusinthako sikugwira. Ngati 443 yatengedwa kale ndi webusaiti, bwerekani kaseva kakang'ono kotsika mtengo kongolowera, kakhale ProxyJump yanu.

Tsopano khomo lothawira lenileni. Makampani obwereketsa maseva monga Hetzner, DigitalOcean ndi Linode ali ndi console pa webusaiti yawo, imene imakuonetsani sikirini ya seva ngati kuti mwakhala patsogolo pake ndi kiyibodi. Siyenda kudzera pa ssh ndipo firewall ya pa seva siikhudza. Koma tamverani bwino apa: console imeneyi imafunsa dzina ndi pasiwedi, kiyi wanu wa ssh alibe ntchito kumeneko. Anthu ambiri amene anachita bwino potseka mapasiwedi pa ssh sanaikepo pasiwedi pa akaunti iliyonse ya pa seva, ndiye amafika pa console n'kuona mawu oti "login:" opanda choyankha. Lero lomwe lembani `sudo passwd dzinalanu`, ikani pasiwedi yaitali, siyani `PasswordAuthentication no` mu `sshd_config` mmene ilili, kenako tsegulani console ija mulowe nayo kuti muone ndi maso anu kuti ikutheka.

Ndipo kuti mufike pa console muyenera kulowa mu akaunti ya kampaniyo, imene mwina imatumiza nambala yotsimikizira pa SMS ku nambala yanu ya ku Malawi. Inu muli ku Beitbridge, simukhadi ya kwathu ili m'kachikwama kapena siikulandira mauthenga. Sinthani musananyamuke kuti nambala zotsimikizira zizichokera mu pulogalamu ya pa foni, ya mtundu umene umatulutsa nambala yatsopano masekondi 30 aliwonse. Imeneyo imagwira ntchito popanda netiweki, bola wotchi ya foni ikhale yolondola. Manambala obwezeretsera akaunti asindikizeni papepala, mulembeponso nambala ya siriyo ya laputopu, muwasunge pamodzi ndi pasipoti, osati m'chikwama cha laputopu.

Ngati seva ili mu ofesi mwanu, console ndi munthu. Payenera kukhala wina amene ali ndi kiyi wa chipindacho, amene mwamuonetsa batani lake ndi chala, ndipo nambala yake muli nayo pamtima. Lowaninso mu BIOS, zosintha zoyambirira za makinawo, muike kuti makina aziyaka okha magetsi akabwera, chifukwa akathima nthawi yaitali UPS, batire yosungira magetsi, imatha, ndipo seva imakhala chete mpaka wina aidine. Yesani: izimitseni bwinobwino, zulani pulagi, bwezerani, muone ngati ikudzuka yokha mpaka ssh ndi VPN kuyamba popanda dzanja la munthu.

Zonsezi mukakonza, yesani ngati mlendo. Zimitsani WiFi ya ku ofesi pa laputopu, lumikizani pa hotspot ya foni, lowani pa seva iliyonse kudzera pa khomo lililonse: ssh, Mosh, VPN, 443, console. Anthu amayesa ali pa netiweki ya ku ofesi, zonse zimayenda, n'kunyamuka ndi mtima wokhazikika, pamene chimene ayesa si chimene akakumane nacho.

Chomaliza pa gawo lino: kusintha firewall, sshd (ssh ya mbali ya seva) kapena netiweki ya seva muli kutali kuli ngati kudula nthambi imene mwakhalapo. Ngati zingadikire, zidikire mpaka mutabwerera. Ngati sizingadikire, chitani motere. Windo limene mwalowa nalo musalitseke. Mukasintha `sshd_config`, lembani `sudo sshd -t`. Ikakhala chete ndiye kuti fayilo ilibe cholakwika. Musanakhudze firewall, tcherani lamulo lodzibweza lokha, loti lidzazimitse firewall ya ufw pakatha mphindi khumi:

```
echo "ufw disable" | sudo at now + 10 minutes
```

Pulogalamu ya `at` iyenera kukhala itaikidwa kale. Sinthani zimene mukufuna, tsegulani windo lachiwiri, lowaninso mwatsopano. Mukalowa, fufutani lamulo lodikiralo ndi `sudo atq` ndi `sudo atrm`. Mukakanika, dikirani mphindi khumi, khomo litseguka lokha. Pa Ubuntu, `netplan try` imachita zofananazo pa zosintha za netiweki: mukapanda kuvomereza m'masekondi 120 imabwezera zakale. Kulowa ndi windo latsopano n'kofunika chifukwa windo lakale limapitiriza kugwira ntchito ngakhale khomo litatsekeka kale kumbuyo kwanu.

7. Bandulo

SSH payokha imadya pang'ono kwambiri, ndi zilembo chabe. Imene imamaliza bandulo ndi laputopu, chifukwa ikaona hotspot imayesa ndi WiFi yaulere n'kuyamba kukoka ma update ndi kukweza zithunzi. Pa Windows lowani pa zosintha za WiFi imeneyo muyatse "Metered connection". Imitsaninso OneDrive, Dropbox ndi zina zotere.

Fayilo yaikulu isadutse pa laputopu ngati sikofunika. Ngati seva ikufuna chinachake cha pa intaneti, ikokereni pa seva pomwepo ndi `wget` kapena `curl` m'kati mwa tmux. Ngati muyenera kutumiza kuchokera pa laputopu, siyani lamulo lokopera mafayilo la scp, gwiritsani `rsync -avzP fayilo ofesi:/malo/`. Chilembo cha P chimasunga gawo limene lafika kale, ndiye netiweki ikaduka pa 80 peresenti simuyambira pa ziro.

Mukafuna kuona database kapena tsamba loyendetsera zinthu limene silionekera kunja, musalitsegulire dziko lonse poti muli paulendo. Lembani `ssh -L 5433:localhost:5432 ofesi`, ndipo database ya PostgreSQL ya pa seva ioneka pa port 5433 ya laputopu yanu, yobisika m'kati mwa ssh.

8. Zikavuta muli m'njira

Sikirini ikauma ndipo Ctrl-c siikuyankha, musazimitse laputopu. Dinani Enter, kenako `~`, kenako kadontho. Ssh itseka nthawi yomweyo, mulowenso, mubwerere mu tmux.

Powerenga log kumbukirani kuti maseva ambiri amayendera nthawi ya UTC, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa tili pa nthawi imodzi, koma mukaoloka Songwe kulowa Tanzania wotchi imapita patsogolo ola limodzi. Lembani `date` pa seva musananene kuti vuto linayamba nthawi yakuti.

Onaninso dzina la seva musanadine Enter pa lamulo lofufuta kapena lozimitsa. Kutopa kwa ulendo kumachititsa munthu kulemba `reboot` pa windo lolakwika. Ine seva zimene anthu akugwiritsa ntchito ndinaziika kuti dzina lake lizioneka lofiira.

Kompyuta ya pa intaneti kafe kapena ya pa risepushoni ya hotela musalowere nayo pa seva, ngakhale zitavuta bwanji, chifukwa simudziwa ngati ikusunga zimene mukulemba. Foni yanu ndi yabwino kuposa imeneyo. Pa Android ikani Termux kapena Termius, ipangireni kiyi wakewake monga tinachitira pa gawo lachiwiri, mumupachike pa maseva musananyamuke. Kulemba pa kasikirini kakang'ono n'kowawa, koma kuyambitsanso nginx, pulogalamu yoyendetsa webusaiti, kapena kuona ngati diski yadzaza kumatheka.

Foni imeneyi ndi imenenso idzakupulumutseni laputopu ikasowa. Musadikire kufika kumene mukupita. Lowani pa seva iliyonse, tsegulani `~/.ssh/authorized_keys`, pezani mzere wothera ndi "laputopu-yaulendo", ufufuteni. Onani ndi `who` ngati pali wina amene ali mkati, ndipo imitsani `mosh-server` iliyonse yotsalira, chifukwa Mosh imene inali yotsegula pa laputopu ija siifunsanso kiyi. Chotsani laputopuyo pa mndandanda wa makina a mu VPN, sinthani mapasiwedi amene browser inasunga, kuyambira ya imelo ndi ya kampani yobwereketsa seva. Mukamaliza zimenezi, pitani kupolisi ndi nambala ya siriyo ya laputopu, imene munailemba papepala lija lili pamodzi ndi pasipoti.